Mkamwini wosakhala pansi

Amuna anga anabwera pamudzi pathu ndi mbiri yabwino. Kwathu kuchigwa, kumunsi kwa Mua, mwamuna akakwatira ankadzakhala kwawo kwa mkazi, ndiye ife tinamanga kanyumba kathu kuseri kwa nyumba ya amayi anga, pafupi zedi moti ndikayetsemula kwanga amayi ankayankha kwawo. Mkamwini watsopano amapenyedwa ndi mudzi wonse: kagwiridwe ka khasu, kaperekedwe ka moni, ngakhale kayendedwe. Amuna anga zonsezi anazikhoza. Anali a ku Golomoti, amanyazi, olimbika m'munda wa thonje, ndipo akaona amayi akubwera m'njira ankapatukira kutchire monga mwa mwambo, ngakhale pakhale pa chitedze. Amayi ankadzitama kuchitsime kuti iwo ndiye anatola mkamwini.

Chifukwa cha kukondwa komweko amayi anachita chinthu chachikulu. M'nyumba mwawo munali thaulo limodzi, lofiira, la maluwa achikasu, limene abambo anga anabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni ine ndili wamng'ono. Masiku amenewo enafe tikasamba tinkangouma ndi mphepo, kapena kupukuta ndi nsalu yomwe tavalayo. Thaulo linali chinthu cha ulemu. Silinkachapidwa wambawamba poopa kuti lingasuluke. Linkangoyanikidwa, likauma basi lakhala loyera. Tsiku lina amayi analichotsa pa chingwe cha abambo n'kundipatsa.

"Kawapatse akamwini," anatero. "Abambo akowa akalamba, aziuma ndi dzuwa."

Abambo nawonso anali mkamwini pamudzi pomwepo, mkamwini wa imvi, amene anabwera ali mnyamata n'kukalambira pa dothi la eni ake. Munda unali wa amayi, ana tinali a amalume, mitengo ya mango imene anabzala okha inali ya mudzi. Chawochawo chinali ulemu wokha basi, ndipo ankausamala kwambiri. Sankaseka mokweza, sankakangana ndi munthu, ndipo malaya ankamanga mabatani onse ngakhale kutenthe bwanji.

Bafa lathu ndi la makolo anga anagawana mpanda umodzi wa udzu. Amuna anga akasamba madzulo ndinkayanika thaulo pampanda umenewo, n'kulitenganso mawa lake.

Kutentha kwa kwathu munthu wa kumapiri ku Dedza sangakumvetse. Mvula ikayandikira, thukuta limayamba munthu asanagwire khasu. M'nyengo imeneyo ndi mmene amuna anga anatuluka chithupsa choyamba, m'khwapa. Tinachita zomwe aliyense ankachita: kuwamba masamba a nsatsi pamoto n'kuyikapo, kudikira kuti chipse, kenako kufinya. Ankaluma nsalu kuti apongozi asamve kubuula. Chinapola, tinati zatha. Posakhalitsa china chinatuluka pantchafu. Chitapola chimenecho, matenda anaona kuti apeza nyumba yabwino, anasamukira kumalo kumene munthu amakhalira, ndipo kumeneko anamangako mudzi. Chikapola cha kumanja chinkayamba cha kumanzere.

Tsono taganizani. Ulemu wonse wa mkamwini uli m'kukhala pansi. Akulu akamayankhula umanjuta. Popereka moni umatsika. Pamaliro umakhala pansi ndi amuna anzako kuyambira m'mawa mpaka kumanda. Amuna anga zonsezi zinayamba kuwakanika. Amalume, achimwene awo a amayi, amene anali mwini mbumba, atabwera kudzationa, amuna anga anawapatsa moni ali chiimire, atangowerama pang'ono ngati akufuna kutola kanthu. Kutchalitchi ku Mua anayima kumbuyo Misa yonse, anthu n'kumatembenuka. Pamaliro a mwana wa achemwali a amayi anayima patali atatsamira mtengo. Analeka kudya ndi amuna anzawo pabwalo, n'kumadyera m'nyumba atagona chammbali. Masiku ena chithupsa chikakula ndi malungo omwe, kumunda sankapita.

Amayi anayamba ndi kung'ung'udza, kenako anafika poyankhula ndi nkhuku.

"Inu nkhuku inu, khalani pansi, kapena nanunso mwakhuta za pamudzi pano?" ankatero mokweza, atayang'ana kunyumba kwathu.

Kuchitsime nkhani inali yomweyo. Ena ankati mwamunayo thonje la chaka chatha lamukweza mapewa. Ena ankati wapeza mkazi wina ku Mtakataka ndiye akufuna kuti amuthamangitse. Mapeto ake amayi anatumiza mawu kwa amalume kuti adzaione nkhaniyi, ndipo amalume anaitanitsa ankhoswe a ku Golomoti. Kwathu mkamwini akalephera sipankakhala zambiri. Ankangomuuza kuti atenge mkeka wake ndi khasu lake, aone njira imene anadzera. Ine mwamuna ameneyu ndinkamukonda, ndipo sindikuchita manyazi kunena. Sindinkafuna wina.

"Kanenenitu zoona," ndinauza amuna anga masana ena atagona chafufumimba pamphasa.

"Ndikanene chiyani? Pamaso pa apongozi ndikatchule malo amenewa?"

"Ndiye ndikawauze ndine amayi."

"Mukatero mwandipha. Ndizidzayenda bwanji pamudzi pano, apongozi akudziwa za kumbuyo kwanga? Bola andichotse ndili munthu."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti wobisa matenda maliro adzamuulula, ndipo kuti sindinaonepo munthu wopusa wosankha kutaya banja pofuna kusunga matako. Anangotembenuzira nkhope kukhoma. Koma kuulula sindinaulule. Anamkungwi anatiphunzitsa kuti za thupi la mwamuna wako zimathera pakhomo la kuchipinda, ndipo mawu amenewo anali atandilowa mpaka m'mafupa.

Tsiku la mlandu lisanafike panatuluka chithupsa choposa zonse. Mwanabere anatupa, thupi linatentha, khungu lozungulira linafiira n'kumawala. Ndinati ayi, apa nsatsi zalephera, tiyeni kuchipatala cha ku mishoni. Njinga tinali nayo, koma ikanathandiza chiyani? Tinayenda wapansi, iwo akutsimphina, miyendo atatakasa, ine kumbuyo ndikupereka moni kwa anthu m'malo mwawo.

Pakhonde la chipatala panali benchi yaitali ya amuna, ndipo malo analipo ambiri. Koma chakumapeto kwake bambo wina anayima atatsamira chipilala, chipewa atachitsitsira kumaso. Malaya anali omangidwa mabatani onse. Anali abambo anga, amene anachoka m'mamawa akuti akupita ku Mtakataka kukafunsa mankhwala opopera thonje.

Amuna anga anayesa kunjuta, anatsika pang'ono, nkhope inakwinyika, anabwereranso m'mwamba. Abambo anayang'ana benchi, anayang'ana mkamwini wawo, kenako anayang'ana kudenga.

"Mwadzuka bwanji, apongozi?" anatero amuna anga.

"Tadzuka, kaya akamwini. Ine ndadzera chifuwa."

"Inenso chifuwa chomwecho."

Anayima choncho m'mawa wonse, wina kuchipilala ichi wina kuchipilala icho, ndipo palibe anakhosomola. Abambo analowa poyamba. Chipinda chake chinali chotchinga ndi nsalu chabe, ndiye tonse tinamva adokotala akuti, "Tsitsani kabudula, agogo, gonani chafufumimba." Kenako tinamva mawu amene sindinawamvepo chibadwire: abambo anga akuitana amayi awo amene anamwalira kalekale. Amuna anga anayang'anitsitsa nyerere za pansi ngati aziwerenga.

Itakwana nthawi yathu, adokotala, bambo wachikulire wa nthabwala zake, anaboola chithupsa chija, anatsuka, anamangapo bandeji, n'kubaya jakisoni mbali yotsalayo. Kenako anandiitana ine.

"Mayi, ndi inu mumafinya?"

Ndinavomera.

"Manja anu ndi amphamvu, ndaona zipsera. Lekani. Mukamafinya mukukankhira mafinya m'kati, ena akumwazikira pakhungu labwino, ndiye mawa pamera china. Chikangoyamba, muziviika kansalu koyera m'madzi otentha a mchere, muzithowa kangapo pa tsiku. Chikaphulika chokha, tsukani ndi sopo, phimbani, inu musambe m'manja. Chikakula kapena thupi likatentha, bwerani kuno msanga, osadikira kuti munthu azichita kuyenda ngati bakha."

Anatipatsa mapiritsi n'kutiuza kuti amwe onse, ngakhale bala litaoneka kuti lapola. Kenako anafunsa ngati pakhomo pali wina wa zithupsa. Amuna anga anati palibe. Adokotala anayang'ana kunsalu yotchinga ija, kumene abambo anatulukira.

"Matendawa amayenda pa nsalu," anapitiriza. "Kabudula, chofunda, chopukutira. Munthu akhoza kupola bwinobwino, n'kukazitenganso pa thaulo lake lomwe, kapena kupatsirana ndi mnzake, uyu akapola uyo wayamba. Zonse mukaziphike m'madzi owira, muyanike padzuwa, musite. Mphasa nayo izituluka panja. Sopo tsiku ndi tsiku, zikhadabo zidulidwe. Chopukutira aliyense chake, ngakhale chikhale chigamba. Thaulo muli nalo?"

"Lilipo," ndinayankha monyadira. "La ku Joni."

"Linachapidwa liti?"

Funso limenelo ndinaliyankha ndi kuyang'ana pansi.

Pobwerera tinayenda mondondozana, abambo patsogolo patali, ine pakati, amuna anga kumbuyo patali, amuna awiri akutsimphina mofanana. Titawoloka njanji abambo anachepetsa liwiro mpaka ndinawapeza. Sananditembenukire.

"Iwe," anatero chapansipansi. "Thaulo lija ukaliphike."

"Ndamva, abambo."

"Za kuchipatala zatsala kuchipatala."

Apo m'pamene ndinakumbukira kuti m'mawa uliwonse ndikamachotsa thaulo pampanda linkakhala lonyowa. Ndinkati ndi mame. Mame ati m'nyengo imene ngakhale chitsime chikuphwa? Abambo ankasamba m'bandakucha, n'kukoka thaulo lawo kudzera pamwamba pa mpanda, kupukuta, n'kulibweza mmene analipezera. Zithupsa iwo anali nazo kuyambira ku migodi, zikubwera ndi kupita, ndipo palibe ankadziwa chifukwa nkhalamba ikatsamira chipupa kapena kugona chammbali pamkeka anthu amangoti ndi msana. Amayi okha ndiwo ankadziwa, ndipo ankabisa za amuna awo monga mmene ine ndinkabisira za amuna anga. Kungoti kwa amayi, mkamwini anali ndi manja olimira ndi miyendo yothawira kutchire basi. Zoti nayenso ali ndi pokhalira sizinawabwerere m'mutu.

Mawa lake ndinatereka mphika waukulu wophikira mowa n'kuponyamo zonse: makabudula, chofunda, thaulo. Kuseri kwa mpanda ndinkamva amayi nawonso akusonkhezera moto, akuphika zovala za abambo mobisa, osadziwa kuti mbali inoyi tikuchita zomwezo. Madzi anga anafiira ngati ndapha mbuzi. Thaulo linatuluka lotuwa, maluwa achikasu atasanduka mawanga, ndipo makabudula a amuna anga anatenga mtundu umene thaulo linataya. Amayi ataliona pachingwe anagwira m'chiuno.

"Ndiye kuthokoza kwake kumeneku? Chinthu chakhala zaka zonsezi chili chatsopano!"

Amayi sanali munthu wopusa, koma mtima ukagamula kale maso saonanso. Thaulo linangowonjezera pa milandu ya mkamwini.

Tsiku la mlandu lija linafika. Amalume anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, ankhoswe a amuna anga, amene anali akulu awo, anakhala pamkeka. Azimayi a mbumba anadzaza mbali ina. Amayi anakhala pafupi ndi nkhokwe atafulatira, monga ayenera kukhalira mpongozi. Amuna anga anali atayamba kupola, ndiye anakhala pansi ndithu, mopendekeka, ndipo mayi wina ananong'ona kuti taonani lero wakumbukira kukhala. Abambo anali patali pang'ono, pakhonde lawo, akusema mpini. Pa nkhani za mbumba iwo analibe mawu, ndipo palibe anawaitana.

Amalume anayala milandu bwinobwino: moni wa chiimire, maliro, tchalitchi, kudya kwayekha, kujomba kumunda, thaulo. Ankhoswe anatembenukira mng'ono wawo.

"Tayankha iwe. N'zoona zimenezi?"

"N'zoona," anatero amuna anga.

"Chifukwa chake?"

Ndinayang'ana amuna anga ndi maso oti nenani, bambo inu, nenani. Iwo anangoyang'ana zala za kumapazi. Ankhoswe anafunsanso, mwamanyazi, ndipo yankho linali lakuti, "Ndalakwa basi." Ndinkafuna kuwagenda ndi chigubu. Ndinatsegula pakamwa, amuna anga anandiyang'ana kamodzi kokha, mopempha, ndipo ndinatsekanso. Misozi inayamba kutsika.

Amalume anakonza kukhosi. "Ngati munthu watopa nafe, ife sitikakamiza. Njira ya ku Golomoti sinamere udzu."

"Alamu."

Tonse tinatembenuka. Abambo anali atayika kasemasema pansi ndipo ankabwera, akutsimphina pang'ono. Anavula chipewa, n'kuyima pakati pa bwalo.

"Alamu, mundikhululukire, ndalowa nkhani ya eni ake. Inenso ndiyankhula chiimire, ndipo mumva chifukwa chake. Akamwiniwa sanakane kukhala pansi. Chawakaniza ndi chithupsa. Akhala akuvutika nazo kuyambira dzuwa lija, ndipo anazitenga kwa ine."

"Abambo ake!" anakuwa amayi, osatembenuka.

"Ayi, lekeni ndimalize. Thaulo munandilanda lija ndinkaliba m'mamawa pampanda. Ine kupukuta, iwo kupukuta. Ine ndikapola iwo ayamba, iwo akapola ine ndayamba. Mwana wathuyu analiphika chifukwa adokotala anatero. Changa chili apa." Anatembenuka, n'kudzisisita ndi chipewa pamalo pake penipeni, pamaso pa alamu awo, mwana wawo, ankhoswe ndi mbumba yonse. "Ngati pakufunika umboni, bandeji sinachoke."

Mayi wina wachikulire anaphulika ndi kuseka, ndipo bwalo lonse linatsatira. Atsikana anathawira kuseri kwa khola atagwira pakamwa. Amayi anadzifunditsa chitenje kumutu konse. Ankhoswe ankaseka akupukuta misozi, akumenya mng'ono wawo paphewa. Amalume analimbana nako kuseka mpaka kunawatulukira m'mphuno.

"Umboni tausiya, alamu," anatero atapeza mpweya. "Ndiye inu akamwini, mukanapita kwanu chifukwa cha chimenechi?"

Amuna anga anagwedeza mutu kuvomera, nkhope ili m'manja.

"Mlandu palibe. Koma mukadzakhala bwino mudzandipatse moni wanga uja, ndikumudikira."

Zithupsa zinatha pakhomo pathu. Thaulo tinalidula pakati, abambo chidutswa chawo, amuna anga chawo, ndipo Loweruka lililonse mphika wa mowa unkagwira ntchito yachilendo. Kachithupsa kakang'ono kanabweranso kamodzi mvula itagwa, tinakathowa ndi madzi a mchere, kanaphwa kokha. Amayi sanapepese, poti mpongozi sapepesa mkamwini, koma anayamba kundipatsa sopo wa mtanda akabwera ku Mtakataka, akuti wawachulukira. Amuna anga ndinakhala nawo mpaka tinaona zidzukulu.

Amene analipira ndi abambo. Mudzi suiwala zotere. Mpaka imfa yawo, akafika pamowa anthu ankawakonzera mpando n'kuyikapo mtsamiro. Pamaliro anyamata ankafunsana monong'ona ngati agogo akhala pansi lero. Azilamu awo ankawafunsa za bandeji chaka ndi chaka. Munthu amene moyo wake wonse sanalole kuti wina amusekepo anasanduka nthabwala ya mudzi, ndipo ankangomwetulira n'kupitirira. Ine zinkandiwawa, ndipo pena ndinkatukwana anthu chifukwa cha zimenezo.

Madzulo a tsiku la mlandu lija, anthu atabalalika, ndinapeza abambo kuseri kwa nyumba akumanga mbuzi. Ndinagwada. Mawu amene ndinakonza anathawa onse, ndinangoti, "Abambo, mwadzichotsa ulemu chifukwa cha ine."

Anamaliza kumanga mfundo, anaikoka kuti aone ngati yalimba.

"Dzuka, mwananga, udetsa nsalu," anatero. "Ine nditabwera pamudzi pano ndinakhalapo pabwalo lomwelija, pa nkhani ina imene sindikanatha kuinena. Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe munthu wondiyankhulira."